Mnyamata wa ku Chalala anasamutsa nkhongole, koma inamulondola

Ngati mumapezeka pa East Park kapena pa Arcades Lachisanu madzulo, mwina munamuonapo. Ni mnyamata uja amene bill ikabwela safunsa kuti ni zingati, amangotulutsa khadi n'kuuza waiter ati, "Swipani chabe, ba boss." Mudziwa kale kuti pa danga lino sitichula maina, choncho tizingomuitana kuti mnyamata wa ku Chalala. Agwila nchito pa ofesi ina mu town, avala bwino, ndipo mukaona ma status ake mungaganize kuti kwa iye tsiku lililonse ni month end.

Chimene anzake sanali kudziwa n'chakuti khadi lija si la salary. Ni credit card. Khadi la salary, lija la debit, limatapa ndalama zanu zimene zili mu akaunti. Credit card imatapa ndalama za banki. Banki imakuikilani malile, amene amati limit, ndipo chilichonse chimene mwaswipa chimakhala nkhongole. Zotsala pakati pa limit ndi nkhongole ndiye amati available credit, kutanthauza zimene mukali kuloledwa kukongola.

Mnyamata wathu anali ndi limit ya K20,000, ndipo anali atadyapo kale K18,000. Zotsala zinali K2,000 chabe. Mwezi uliwonse banki inali kuikapo chiwongoladzanja, chija tonse timangoti interest, cha 3%. Pa K18,000 ni K540. Iye akaponya K600, nkhongole imatsika ndi K60 chabe, ndipo Lachisanu lotsatila amaswipanso. Manambala awa ni a iye. Anu adzasiyana malinga ndi banki yanu, koma masamu ake ni amodzimodzi.

Nzelu yosamutsa nkhongole inachokela kwa alongo ake, nesi amene agwila nchito ku Britain. Tsiku lina pa video call mnyamata anadandaula ati, "Ba sisi, ine iyi nkongole izanipaya. Nilipila mwezi uli onse koma siyenda pansi." Alongo ake anayankha mosavuta: "Iwe, chita chabe balance transfer. Ine ninachita, manje sinilipila interest."

Ba sisi sanali kunama. Ku Britain ndi ku America mabanki amalimbilana makasitomala ndi njila imeneyi. Banki yatsopano imalipila nkhongole ya pa khadi lanu lakale, nkhongoleyo n'kukhala pa khadi lawo, ndipo kwa miyezi ingapo, nthawi zina kupitilila chaka, interest imakhala 0%. Pamwamba pake amalipilitsa fee ya kusamutsa, nthawi zambili cha m'ma 3% mpaka 5% ya ndalama zimene mwasamutsa. Ba sisi anaiwala kuchula fee imeneyi. Anaiwalanso kunena kuti tsiku limene nkhongole yawo inasamuka, khadi lakale analidula ndi sizasi.

Mnyamata anapita ku banki ina, anaonetsa ma payslip, ndipo anamupatsa khadi lanyowani la limit ya K20,000. Pangano linali lakuti nkhongole yosamutsidwa izikhala ndi interest ya 1% pa mwezi kwa miyezi 6, pambuyo pake ibwelele pa 3%. Fee ya kusamutsa inali 4%. Iye anamva chabe "1%" n'kusaina. Manje tiyeni tione chimene chinachitika pa makhadi awili aja, chifukwa apa ni pamene ambili amasokela.

Fee imakhala pa khadi, ndipo imadya limit

Choyamba, fee ija nthawi zambili simuilipila ndi cash pa counter. Amaiphatikiza ku nkhongole. Mnyamata anasamutsa K18,000, fee ya 4% inali K720, ndiye khadi lanyowani linayamba ndi nkhongole ya K18,720. Akalibe kugula olo botolo la madzi, nkhongole yake inali itakula kale ndi K720. Ndipo popeza fee yakhala mbali ya nkhongole, nayonso imabala interest mpaka mutaimaliza.

Chachiwili, fee imatenga malo mu limit. Iye anali kuganiza kuti pa khadi lanyowani patsala K2,000. Pamene anatsegula app anapeza K1,280. Anaimba foni ku banki mokwiya, ati amubela. Palibe anamubela. K20,000 kuchotsa K18,720 ni K1,280.

Ichi ndiye chifukwa chake nthawi zina nkhongole yonse imakana kusamuka. Tinene kuti banki yatsopano inamupatsa limit ya K15,000 m'malo mwa K20,000. Mungaganize kuti angasamutse K15,000 yonse, koma ayi, chifukwa fee nayo ifunika malo. Ndi fee ya 4%, zochuluka zimene zingalowe ni pafupifupi K14,420, ndipo fee yake n'kudzaza limit yonse. K3,580 yotsala imakhalabe pa khadi lakale, ikubala 3% yake monga kale. Mabanki ena salola ngakhale kufika pa limit, amaika malile akuti musamutse chigawo chabe. Ndipo limit simuidziwa mpaka atavomeleza pempho lanu. Choncho musayambe kusangalala mukalibe kuona nambala.

K20,000 imene inaonekela pa khadi lakale

Patapita masiku angapo, mnyamata anatsegula app ya banki yakale. Nkhongole: K0. Available credit: K20,000. Anajambula screenshot n'kutumiza kwa alongo ake ati, "Ba sisi, nkongole yasila."

Siinasile. Inangosintha keyala. Onani bwino. Poyamba anali ndi khadi limodzi, nkhongole K18,000, zotsala K2,000. Manje ali ndi makhadi awili, nkhongole K18,720, zotsala K21,280. Nkhongole yakwela pang'ono, koma mpata wokongola wakula kuposa kakhumi. Salary yake siinasinthe olo ngwee imodzi. Chimene chasintha ni kukula kwa dzenje limene angagwelemo: linali la K20,000, manje ni la K40,000.

Vuto ni lakuti maso amawelenga available credit ngati ndalama zanu. App imailemba ndi manambala akuluakulu, pamalo amodzimodzi pamene akaunti ya salary imalemba balance. Koma iyi si ndalama imene muli nayo. Ni chilolezo chokongola, ndipo chilolezocho chili ndi mtengo wa 3% pa mwezi.

Mwezi woyamba mnyamata anadzigwila. Mwezi wachiwili kunabwela ulendo wa ku Siavonga ndi anyamata, ati "kupumulako chabe." Wachitatu foni inagwa, anagula ina. Wachinayi mnzake wa pa nchito anali kukwatila ndipo iye anali pa line-up, suti ndi nsapato zofanana. Pofika mwezi wachisanu, khadi lakale linali ndi nkhongole ya K12,000.

Nanga khadi lanyowani? Kumeneko anali kuponya K500 chabe pa mwezi, chifukwa interest inali yochepa ndipo palibe anali kumuvutitsa. Pa K500 ija, pafupifupi K180 inali kupita ku interest. Miyezi 6 itatha, nkhongole inali ikali pa K16,800. Tsiku lotsatila 1% ija inatha, 3% inabwelela. Phatikizani: K16,800 ndi K12,000 ni K28,800. Interest yake pa mwezi ni K864. Kumbukilani kuti iye anathawa K540.

Kodi ndiye kuti balance transfer ni yoipa?

Ayi. Ikasewenzetsedwa bwino imapulumutsa ndalama zenizeni, ndipo masamu ake mungawachite pa foni mutakhala mu basi.

Tengani nkhongole ija ya K18,000 ndipo tiyelekeze kuti siikutsika. Pa khadi lakale, K540 kwa miyezi 6 ni K3,240. Pa khadi lanyowani, 1% ya K18,720 ni pafupifupi K187 pa mwezi, kwa miyezi 6 ni K1,123. Ikaniponi fee ya K720, zonse zikhala K1,843. Kusiyana kwake ni pafupifupi K1,400. Imeneyo ni ndalama ya magetsi, ya unga ndi ya ndiwo, si yoseweletsa.

Koma onaninso ichi. Mwezi uliwonse mumapulumutsa pafupifupi K353, ndipo fee inali K720. Ndiye kuti miyezi iwili yoyamba mukungobweza fee. Phindu limayamba mwezi wachitatu. Ngati muyembekezela bonus kapena chilimba chimene chingamalize nkhongole mu miyezi iwili, kusamutsa kulibe phindu, lipilani pamene ilili. Ngati nkhongole idzakutengelani miyezi yambili, pamenepo fee ingakhale yoyenela.

Funso lalikulu ni ili: kodi mungakwanitse kuimaliza nthawi ya interest yochepa ikalibe kutha? Kuti K18,720 ithe mu miyezi 6 pa 1%, mufunika kuponya pafupifupi K3,230 mwezi uliwonse. Osati K500. Ngati K3,230 siingachoke pa salary yanu mutalipila lendi, masukulu ndi transport, dziwilanitu zimene zidzatsala pa mwezi wa 7 ndi interest imene zidzayamba kubala. Banki siikupatsani 1% chifukwa chokukondani. Imadziwa kuti ambili sadzamaliza, ndipo otsalawo adzalipila mtengo wonse.

Tumisampha tumene sachula pa foni

Kusamutsa sikuchitika pa ola limodzi. Kungatenge masiku, nthawi zina kupitilila sabata. Ngati tsiku lolipila khadi lakale lafika nkhongole ikalibe kusamuka, lipilani minimum payment monga mwa masiku onse. Mukalekelela poganiza kuti banki yatsopano yamaliza kale, mudzapeza late fee.

Ngakhale nkhongole itasamuka, tsegulani statement yotsatila ya khadi lakale. Interest imawelengedwa tsiku ndi tsiku, choncho masiku a pakati pa statement yomaliza ndi tsiku limene ndalama zinafika angasiye kankhongole kang'ono. Kakhoza kukhala K150 chabe, koma mukakaiwala kamabala chilango ndipo kamalembedwa ngati munachedwa kulipila.

Musaganize kuti 1% ija ni ya khadi lonse. Nthawi zambili ni ya nkhongole yosamutsidwa chabe. Mukaswipa khadi lanyowani pa shopu, zogulazo zimabala interest yanthawi zonse. Ndipo popeza khadi lili kale ndi nkhongole imene simunamalize, masiku aja amene banki imapeleka opanda interest pa zogula angakhale kuti palibe. Kutapa cash pa ATM ndi credit card ndiye kodula kwambili: pali fee yake, ndipo interest imayamba tsiku lomwelo.

Kuphonya mwezi umodzi kungakutayitseni pangano lonse. M'mapangano ambili muli mzele wakuti mukachedwa kulipila, interest yochepa ija imatha pomwepo. Ndiye kuti fee munalipila kale, koma phindu lake lapita.

Makhadi awili ni ma charge awili. Ngati lililonse lili ndi fee ya pa mwezi kapena ya pa chaka, iphatikizeni mu masamu anu. Komanso ngati Netflix, Spotify kapena zina za pa intaneti zimatapa pa khadi lakale, zidzapitiliza kutapa, ndipo zimene zimalipilidwa mu dola zimakwela ndi kutsika malinga ndi mphamvu ya kwacha. Ambili amadabwa kuona khadi limene anaika mu drawer lili ndi nkhongole.

Chomaliza, nthawi zambili banki siilola kusamutsa nkhongole pakati pa makhadi ake awili. Cholinga chake ni kukulandani ku banki ina, osati kudzichepetsela yokha interest.

Mulibe credit card? Nkhaniyi ikali yanu

Mwina mukuti izi ni za anthu a kumayadi, ine khadi langa ni la salary chabe. Dikilani. Msuweni wake wa balance transfer mumamudziwa bwino, makamaka inu aphunzitsi, manesi ndi ena a m'boma amene loan imadulidwa pa payslip. Ni foni ija imene imabwela masana ati, "Ba madam, tingagule loan yanu, deduction izachepa, na change muzatenga." Amati buyout kapena refinancing.

Kachitidwe kake n'kofanana. Wobweleketsa watsopano amalipila wakale, nkhongole imasamuka, ndipo pamwamba amaikapo arrangement fee ndi inshuwalansi, zimene kawilikawili zimalowa mu loan yatsopano. Deduction ya pa mwezi imachepadi, koma nthawi zambili chifukwa chakuti zaka zolipila zatalika. Tinene kuti munatsala ndi miyezi 18 ya K2,000, zonse pamodzi K36,000. Akupatsani miyezi 48 ya K1,300. Pa payslip muona mpumulo wa K700, koma K1,300 kwa miyezi 48 ni K62,400. Ngakhale atakupatsani change ya K10,000 m'manja, mwaonjezela K16,400 pa zimene mukanalipila. Ndipo K700 imene yamasuka pa payslip ni chimodzimodzi ndi K20,000 ija ya pa khadi lakale: imaitana loan ina.

Chimodzimodzi amene atenga nkhongole ya pa foni kuti abweze ya pa foni ina, kapena kaloba kuti atseke kaloba. Kusamuka kulikonse kuli ndi mtengo wake.

Mayi wa ku Kabwata

Kuti musaganize kuti onse amagwa, pali mayi wina wa ku Kabwata amene agwila pa ofesi imodzi ndi mnyamata wathu. Nayenso anasamutsa nkhongole ya khadi, yake inachokela ku matenda a amayi ake. Akalibe kusaina anapempha pepala la ma charge onse n'kupita nalo kunyumba. Anagawa nkhongole ndi fee yake pa miyezi ya pangano, anapeza nambala, ndipo anaika standing order kuti ndalamazo zizichoka tsiku lotsatila salary ikalowa, iye akalibe kuziona. Statement yomaliza ya khadi lakale itaonetsa K0, anapita ku banki kukalitseka ndipo anapempha kalata yotsimikizila kuti latsekedwa. Khadi lanyowani sanaswipepo olo kamodzi.

Miyezi imeneyo sanali kuoneka ku ma kitchen party ambili, ndipo lunch anali kunyamula m'chikapu. Anzake anamuseka ati wakhala wouma manja. Mwezi womaliza nkhongole inatha zoona.

Mnyamata wa ku Chalala anadziwa kusiyana kwawo pamene anapita kukapempha loan ya plot. Mabanki ndi obweleketsa ena amatumiza mbili ya nkhongole zanu ku credit reference bureau, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo lake la zimenezi, Credit Reporting Act ya 2018. Pa lipoti yake panaoneka makhadi onse awili, nkhongole ya K28,800, ndi mwezi umodzi umene anachedwa. Anamuuza mwaulemu kuti ayambe wachepetsako nkhongole. Plot inagulidwa ndi wina.

Mukalibe kusaina

Ngati foni ija yakufikani, kapena mukuganiza zosamutsa, funsani mafunso awa ndipo mayankho akhale olembedwa, osati a pakamwa. Fee ni zingati mu kwacha, ndipo idzalowa mu nkhongole kapena mudzalipila padela? Limit ni zingati, ndipo ni zingati zimene zingasamuke fee itawelengedwa? Interest yochepa idzatha pa deti liti, ndipo pambuyo pake idzakhala zingati? Zogula zatsopano zidzabala interest yanji? Mukachedwa mwezi umodzi chidzachitika n'chiyani? Mabanki amakhala ndi tariff guide, mndandanda wa ma charge awo, ndipo muli ndi ufulu woiona. Mukapeza charge imene siinali m'pangano, yambani ndi kudandaula ku banki yanu mwa kalata. Ikalephela kukuthandizani, pali Bank of Zambia imene imayang'anila mabanki, komanso Competition and Consumer Protection Commission.

Koma funso lovuta kwambili si la banki. Ni lanu: khadi lakale mudzalichita chiyani? Ngati mudziwa kuti dzanja lanu ni lopepuka, litsekeni. Ngati mufuna kulisunga chifukwa cha ngozi, pemphani banki itsitse limit kufika pa ndalama zimene mungabweze mu mwezi umodzi, ndipo lisakhale m'chikwama chimene mumapita nacho ku East Park.

Mnyamata wathu Lachisanu lapitali analipo pa malo ake a masiku onse. Bill itabwela anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ati, "Ma guys, tigabana bwanji?" Anzake anadabwa. Alongo ake, atamva nkhani yonse, akuti anangomufunsa funso limodzi: "Iwe, sizasi ulibe?"